Mfuti ikaphonya, wolakwa ndi mpope kapena dzanja?

Lero pa pulogalamu yathu ya sayansi ndi zaluso tikamba za chida chimene ambirife timangochionera patali, chili m'chiuno mwa wapolisi kapena m'manja mwa munthu wa m'filimu. Ndikunena mfuti yaing'ono ya m'manja, kaya ndi ya mtundu wa pistol kapena ija akuluakulu amaitchula kuti volovolo. Kumayiko kumene mfutizi zimapangidwa, monga America, Austria, Germany ndi Italy, anthu amakangana mpaka kusasa mawu kuti yoposa inzake ndi iti, ndipo mkanganowo suchedwa kufika pa mpope, chitsulo chobooka chija chimene chipolopolo chimatulukiramo. Wina amati wolasa ndi mpope wautali, wina amati ndi wosasuntha, winanso amati chinsinsi chagona pa mizere ya m'kati mwake. Ine ndikuti akukangana pa nthambi kusiya tsinde. Pa mfuti zimene asilikali ndi apolisi amanyamula masiku ano, mpope ndi umene umasiyanitsa pang'ono kwambiri. Zimene zimagamula mlandu ndi ziwiri: kuti mfutiyo ilire nthawi iliyonse imene mwini wake wafuna, ndiponso kuti dzanja loigwira lithe kuilamulira. Umboni wake uli m'mayeso a asilikali, m'masamu osavuta, ndi m'zimene zinachitikadi kunkhondo ndi m'misewu.

Tiyambe tapereka ulemu kwa mpopewo, pakuti ntchito yake si yamasewera. Alenje akale ankadziwa gogodera, mfuti yothirira onga kukamwa n'kutsendera ndi kachitsulo. M'kati mwa mpope wa gogodera munali mosalala see, choncho chipolopolo chinkatuluka chikugubuduka mmene chafunira, ndipo mlenje ankachita kukwawa mpaka kuyandikira nyama asanawombere. Mpope wa mfuti za lero uli ndi mizere yopota m'kati, tingalande tosemedwa m'chitsulo timene timaluma chipolopolo n'kuchizunguza. Amene anasewerako nguli ali mwana amva msanga: nguli ikamazungulira mwamphamvu imaima chilili, ikayamba kufooka imadzandira n'kugwa. Chipolopolo nachonso n'chimodzimodzi. Mu Glock 17 mizereyi inapotedwa moti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mamilimita 250 alionse, ndipo popeza chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 360 pa sekondi, ndiye kuti chimauluka chikuzungulira koposa ka 1,400 pa sekondi imodzi. Chodabwitsa n'chakuti mpope wonsewo ndi wa mamilimita 114 okha, moti chipolopolo chimatuluka chisanakwanitse ndi theka lomwe la kuzungulira kamodzi. Kamtunda kameneko n'kokwanira. Luso loboola ndi kusema mipope linakhwima kalekale, ndipo fakitale iliyonse yodziwika lero imatulutsa mpope wotha kuunjika zipolopolo pamodzi kuposa mmene dzanja la munthu wamba lingathere.

Vuto la pistol lili pena. Kuti mfuti idzilonge yokha chipolopolo china ikangowomba, pamafunika kuti zitsulo zina zisunthe, ndipo pa pistol zambiri mpope womwewo umasuntha nawo. Njira yofala kwambiri anaitulukira John Moses Browning wa ku Utah, ndipo imayenda chonchi. Onga ukaphulika, mpope ndi chivindikiro chake cha pamwamba, chimene amati slide, zimabwerera m'mbuyo zitagwirana kwa mamilimita ochepa chabe, nthawi yongokwanira kuti chipolopolo chituluke. Kenako kumbuyo kwa mpope kumapendekera pansi, slide imamasuka n'kupitirira yokha, imazula khoko lamkuwa lotsala lija n'kulitaya kunja, sipuling'i imaibweza kutsogolo, imatola chipolopolo chatsopano m'magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, n'kuchikankhira mumpope, ndipo mpope umadzuka n'kukhomekanso pamalo pake. Zonsezi zimatha diso lisanaphethire. Tsono taganizirani ichi. Timizati tochalira, kakutsogolo ndi kakumbuyo, timene wowombera amatilunjikitsa ndi chandamale, timakhala pa slide. Diso limatsata slide, chipolopolo chimatsata mpope. Mpope ukamabwerera pamalo osiyana pang'ono nthawi iliyonse, ngakhale ndi makulidwe a tsitsi limodzi, zipolopolo zimamwazikana. Choncho kulasa kwa pistol kwagona kwambiri pa mmene zitsulozo zakumanirana kuposa pa mizere ya m'kati.

Wina anena kuti chovuta n'chiyani, thinitsani zitsulozo zigwirane ngati chitseko chatsopano. Chitseko chothina chimakoma m'chilimwe, koma mvula ikagwa matabwa n'kufufuma, mumachita kuchigunda ndi phewa. Mfuti nayo imakumana ndi fumbi, matope, mwaye wa onga ndi dzimbiri, ndipo zonsezi zimafuna mpata woti zikhalepo popanda kuimitsa zitsulo. Chitsanzo chodziwika ndi Luger, pistol imene asilikali a Germany anaivomereza mu 1908. Inasulidwa mwaluso moti tizitsulo take tinkapalidwa ndi manja kuti tilowane, ndipo pa tambiri mwa ito ankadindapo manambala awiri omaliza a mfutiyo kuopa kusokoneza ndi ta inzake. Inkalasa bwino, koma inali yosankha: zipolopolo zofooka pang'ono kapena dothi la m'maenje a nkhondo zinkaitsamwitsa, ndiponso kupanga imodzi kunkadya nthawi ndi ndalama, mpaka a Germany anayamba kuika Walther P38 m'malo mwake nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikuyambika. M'zaka zomwezo za Luger, ku America, pistol ya Browning yopangidwa ndi Colt inayesedwa powombera zipolopolo 6,000 m'masiku awiri. Ikatentha ankangoiviika m'madzi n'kupitiriza. Sinakane ngakhale kamodzi, pamene ya Savage imene inkapikisana nayo inatsamwa ka 37. Anaivomereza mu 1911 ndipo inakhala mfuti ya m'chiuno ya asilikali a America mpaka 1985. Zambiri mwa izo, makamaka zitakalamba, zinali zakhwekhwe moti ukazigwedeza zinkachita phokoso ngati chitini cha misomali, komabe zinkawomba.

Umboni wamphamvu kuposa pamenepa unachokera ku Austria. Mu 1980 asilikali a dzikolo analengeza kuti akufuna pistol yatsopano m'malo mwa P38 zawo zakale, ndipo analemba zoyenera kukwaniritsa. Tamverani zina mwa izo. Pa zipolopolo 10,000 zoyamba mfuti isatsamwe kuposa ka 20, kuwerengera ndi kutsamwa kwakung'ono kokonzeka ndi manja. Ikagwa kuchokera pa mamita 2 n'kumenyetseka pachitsulo, isawombe yokha. Ikamaliza zipolopolo 15,000 iunikidwe, kenako iwombe chipolopolo champhamvu mopyola muyeso, aone ngati ithyoke. Msilikali athe kuimasula ndi kuitsuka popanda chida chilichonse. Mukamva mndandanda umenewu mwadziwa chimene wogula wanzeru amaopa. Pampikisanowo panabwera akadaulo okhaokha: Beretta, SIG Sauer, FN ya ku Belgium, Heckler & Koch ndi P7 yawo, komanso Steyr ya ku Austria komweko ndi GB yawo. Ziwiri zomalizazi zinali ndi mpope wokhomerera, wosasuntha n'komwe, umene malinga ndi mabuku uyenera kulasa kuposa wa Browning. Koma anapambana ndi Gaston Glock, munthu amene fakitale yake inkapanga mipeni ndi zitsulo zokolowekapo makatani, ndipo anali asanapangepo mfuti chiyambire. Pistol yake inali ya thunthu la pulasitiki, yooneka ngati njerwa, ya mpope wopendeka wa njira ya Browning yomwe ija, tizigawo take 34 tokha. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akuluakulu. Inavomerezedwa mu 1982, ndipo mu 2013 asilikali a Britain nawo anaitenga m'malo mwa Browning Hi-Power imene anakhala nayo zaka zoposa 50.

Apa omvera ena, makamaka amene anagwirapo ntchito ya usilikali, anditsutsa. Anena kuti sayansi sinama: mpope wosasuntha, kapena wobwerera molunjika osapendeka monga wa Beretta 92, sungasochere pamalo pake, ndiye uyenera kulasa bwino. Mfundoyi ndi yoona, koma tifunse kuti kusiyanako n'kwakukulu bwanji. Oyesa mfuti ali ndi chipangizo chotchedwa Ransom Rest, chimene chimapana mfuti ngati vayisi ya m'galaja kuti kunjenjemera kwa munthu kusalowererepo. Zikapanidwa chotero n'kuwombera chandamale cha pa mamita 25, pistol zabwino za asilikali ndi apolisi, kaya mpope wake ndi wopendeka kapena wolunjika, zimaunjika zipolopolo pamalo oti mutha kuphimba ndi chikhatho, ndipo ina imangoposa inzake ndi masentimita owerengeka. Tsopano yerekezani ndi cholakwa cha diso. Pa Glock 17, kuchokera pa kamzati kakumbuyo kufika pa kakutsogolo pali mamilimita pafupifupi 165. Wowombera akalakwitsa kulunjikitsa timizatito ndi milimita imodzi yokha, kuchepa kwake ngati njere ya mpiru, chipolopolo chimakagwa masentimita 15 kutali ndi pamene amafuna. Masamu ake ndi a ku pulayimale: mamilimita 165 amalowa m'mamita 25 ka 150 ndi kadontho. Milimita imodzi ya diso yameza kale phindu lonse la mpope wosasuntha. Apanso m'pamene pagona nkhani ya mpope wautali. Kutalika kumawonjezera liwiro la chipolopolo pang'ono, koma chimene chimathandiza wowombera kwenikweni n'chakuti timizati tija timatalikirana. Pa mfuti yaikulu pamene tatalikirana mamilimita 500, milimita yomwe ija imangosocheretsa chipolopolo ndi masentimita 5. Makarov ya ku Russia, ya mu 1951, ili ndi mpope wokhomerera ndipo ikapanidwa imalasa bwino ndithu, koma timizati take n'tating'ono ndipo trigger yake, kachitsulo kokoka ndi chala kaja, ndi yolimba powomba koyamba, moti m'manja mwa msilikali wamba ubwino wa mpopewo suoneka.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera ndipo sindichipeputsa. Pali SIG P210, imene asilikali a Switzerland anaitenga mu 1949. Slide yake imayenda m'kati mwa thunthu m'malo mwa kunja, zitsulo zake n'zothina ngati za wotchi, imalasa modabwitsa ngakhale pa mamita 50, ndipo si yotsamwatsamwa. Kodi imeneyi sikugwetsa mfundo yoti kuthina ndi kudalirika zimalimbana? Ikuigwedeza ndithu. Ikuonetsa kuti ziwirizi zitha kukhala nyumba imodzi, koma lendi yake ndi yokwera. Kusema chitsulo mosamala chotero kunali kodula, ndipo mu 1975 a Switzerland eni akewo anasamukira ku P220, yosavuta kupanga. Kwa katswiri wa mipikisano, amene masentimita awiri amamupatsa mendulo kapena kumumana, P210 ndi zinzake n'zoyenera ndalama zake, ndipo kumeneko ndikuvomera kuti mpope ndi nkhani yaikulu. Koma boma logulira apolisi zikwizikwi likathira ndalama pa masentimita awiriwo, ladya ndalama za zipolopolo zophunzirira, pamene maphunzirowo ndiwo akanachepetsa masentimita 15 aja. N'chifukwa chake pa mpikisano wa asilikali a America wa mu 1984, Beretta 92 ya mpope wolunjika ndi SIG P226 ya mpope wopendeka zitafika kumapeto zonse zitakhoza, chimene chinagamula chinali mtengo wa katundu yense, kuphatikizapo magazini ndi zitsulo zosinthira. Beretta inasankhidwa mu 1985 n'kutchedwa M9. Abale athu a ku Joni amamuona mphwake wa mfuti imeneyi tsiku ndi tsiku, pakuti Z88 imene apolisi ambiri a ku South Africa akhala akunyamula inatengera Beretta yomweyi.

Kwa inu amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za chimene chimasiyanitsa mfuti za m'manja, ndipo tafika pa nkhani ya M9, yofunika kuikhalira pansi chifukwa imaonetsa kuti kudalirika sikuchokera mu mfuti yokha. Pa mayeso M9 inachita bwino kwambiri. Koma zaka za m'ma 1980 zisanathe, slide za mfuti zingapo zinathyoka powombera, chidutswa chakumbuyo n'kuulukira kumaso kwa wowomberayo. Panabuka mkangano, ena akuloza chala chitsulo cha slide, kampani ikuloza chala zipolopolo zamphamvu mopitirira, ndipo mapeto ake anawonjezera chogwira chidutswacho kuti chisauluke, n'kutuluka mtundu wa 92FS. Vuto lalikulu linadza ku Iraq kuyambira 2003. Asilikali anayamba kudandaula kuti mfuti ikutsamwa, ndipo atafufuza anapeza kuti gwero lalikulu linali magazini. Boma linkagula magazini ambirimbiri kwa opanga ena pamtengo wotsika, ndipo boma lomwelo linalamula kuti azikutidwa ndi mankhwala okhakhala oteteza dzimbiri. Mchenga wa m'chipululu, wosalala ngati ufa woyera, unkamatirira pokhakhalapo, zipolopolo n'kumalephera kukwera. Mpope unali womwe uja unapambana mayeso, koma kabokosi ka madola ochepa kanaipitsa mbiri ya mfuti yonse. Mu 2006 bungwe la Center for Naval Analyses linafunsa asilikali 2,608 obwera kunkhondo ku Iraq ndi Afghanistan. Mwa amene anamenyapo nkhondo ndi M9, 58 okha pa 100 alionse ndiwo anati akukhutira nayo, ndipo 26 pa 100 anati inawatsamwira kuwomberana kuli m'kati. Onjezanipo sipuling'i zotopa, mafuta operewera kapena osefukira, zipolopolo zosungidwa pachinyontho, ndi dzanja logwira molobodoka, pakuti pistol imafuna kutsamira pa dzanja lolimba kuti slide imalize ulendo wake. Pa zonse zotsamwitsa mfuti zimene ndatchulazi, mizere ya mumpope sikupezekapo.

Nanga volovolo? Okonda mfuti yachikale imeneyi amati ndiyo yankho la zonse: mpope wake ndi wokhomerera, ilibe magazini, ilibe slide, ndipo chipolopolo chikakana umangokokanso trigger, gudumu lake limatembenuka n'kubweretsa china. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake volovolo za apolisi za Smith & Wesson, zimene zinayamba kupangidwa mu 1899, zinapangidwa zoposa 6 miliyoni. Volovolo imapirira kuiwalidwa. Itha kugona m'dirowa zaka zambiri n'kulira tsiku limene yatulutsidwa. Koma sipirira nkhanza. M'kati mwake muli tizitsulo tosakhwima totembenuza gudumu kuti bowo lake lilunjikane ndendende ndi mpope, ndipo pakati pa gudumu ndi mpope pali kampata kosakwana ndi theka lomwe la milimita. Kanjere ka onga wosapsa kakalowa pansi pa chozulira makoko, kapena mfuti ikagwa chogwirira gudumu n'kupindika, imauma gwaa, ndipo nthawi zambiri pamafunika mmisiri. Pistol ikatsamwa, msilikali wophunzitsidwa amaitsitsimutsa m'masekondi ochepa. Kuwonjezera apo volovolo zambiri zimanyamula zipolopolo 5 kapena 6, pamene Glock 17 imanyamula 17. Apolisi a m'mayiko ambiri atayerekeza ziwirizi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, anatsamira ku pistol.

Tafika pa dzanja tsopano. Mu 2008 bungwe la RAND linatulutsa kafukufuku wa mmene apolisi a mumzinda wa New York anawomberera pakati pa 1998 ndi 2006. Pamene ankawomberana ndi munthu wobwezera, zipolopolo 18 zokha pa 100 zilizonse n'zimene zinkalasa. Pamene winayo sankabwezera, zinali 30. Awa anali apolisi onyamula Glock, SIG ndi Smith & Wesson, mfuti zija zounjika zipolopolo pachikhatho, ndipo kuwomberana kwa apolisi nthawi zambiri kumachitika pa mamita ochepa chabe. Mtima ukamagunda ngati ng'oma, kunja kuli mdima, winayo akuthamanga, masentimita awiri a mpope amasowa ntchito. Koma panalinso china chochokera ku mfuti yeniyeniyo. Poopa kuti apolisi ozolowera volovolo aziwombera mwangozi, akuluakulu awo analamula kuti trigger ikhale yolimba, ya makilogalamu pafupifupi 5.4, pamene Glock imachoka kufakitale ndi ya makilogalamu pafupifupi 2.5. Tayesani m'maganizo: chala chimodzi chikoke ndi mphamvu ya makilogalamu oposa 5 pa chinthu chosakwana kilogalamu imodzi kulemera kwake, koma chinthucho chisapendeke ndi milimita yomwe. Mu Ogasiti 2012, pafupi ndi nyumba ya Empire State, apolisi awiri anawombera zipolopolo 16 munthu amene anali atangopha mnzake wakale wa kuntchito n'kuwaloza mfuti iwowo. Anamupha, koma anthu 9 odutsa anavulala, ena ndi zipolopolo, ena ndi zidutswa zake. Sitinganene kuti trigger yokha ndiyo inalakwa tsiku limenelo. Koma mu 2021 apolisi a New York, atayesa n'kuona kuti ophunzira awo akulasa bwino ndi trigger yopepuka, anayamba kupereka yopepukayo kwa olembedwa kumene. Mpope sanaukhudze.

Wina angandifunse kuti ngati mpope sutiuza zambiri, ndiye tizingokhulupirira mayeso a boma? Osati m'chimbulimbuli. Mayeso amayankha funso lokhalo limene afunsidwa. Mu Januwale 2017 asilikali a America anasankha SIG P320 kulowa m'malo mwa M9, pa mgwirizano wa ndalama zofika madola 580 miliyoni. Patangopita miyezi yowerengeka zinadziwika kuti mtundu wa P320 wogulitsidwa kwa apolisi ndi anthu wamba unkatha kuwomba wokha ukagwa chagada mopendekera mwina mwake, kagwedwe kamene mayeso ozolowereka sankakayesa, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho kampaniyo inalengeza kuti izikonza mfutizo mwaulere. Ndiye mayeso oyenera kuwadalira ndi ankhanza, ochitikira m'fumbi ndi m'matope a dziko limene mfutiyo ikagwire ntchito, ndi magazini ndi zipolopolo zenizeni zimene zidzagulidwe, komanso m'manja mwa anthu wamba amene adzainyamule. Ndipo onani kuti ngakhale apa chilema chinapezeka ku trigger ndi tizitsulo toyendera limodzi nayo.

Tatsala ndi mizere ija, imene otsatsa malonda amakonda kuitama. Mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri. Wakale uli ndi tingalande ta m'mbali mwakuthwa. Winawo, wotchedwa polygonal, ulibe ngodya zakuthwa; bowo lake limakhala la mbali 6 kapena 8 zosalala zimene zimapota pang'onopang'ono. Si nzeru yatsopano, pakuti Joseph Whitworth wa ku Manchester anapanga mfuti ya bowo la mbali 6 m'zaka za m'ma 1850, koma amene anaitchukitsa pa pistol ndi Heckler & Koch, kenako Glock. Oukonda amati umatseka bwino mpweya wa onga, umawonjezera liwiro pang'ono, suvuta kutsuka ndipo umakhalitsa. Ouda amati umaunjikana mtovu msanga ukawombera zipolopolo zosakutidwa ndi mkuwa, ndipo a Glock eni ake amaletsa zipolopolo zotere. Pa nkhani ya kulasa, mitundu yonse iwiri yapambanapo mipikisano, ndipo mu 2017 a Glock omwewo anasintha mizere yawo n'kuiyandikizako ku mtundu wakale. Chokopa mafakitale n'chakuti mpope wotere umasulika mosavuta ndi makina omenya chitsulo chozizira mozungulira chikombole, zikwizikwi n'kutuluka zofanana.

Komabe pali malo amodzi pamene mizereyi imalankhula mokweza, ndipo malowo ndi m'khoti. Chipolopolo chikamadutsa, mpope umachilemba. Kuchuluka kwa mizere ndi mbali imene yapotera zimaulula mtundu wa mfuti: Colt yakale ili ndi mizere 6 yopotera kumanzere, volovolo zambiri za Smith & Wesson zili ndi 5 yopotera kumanja. Timikwingwirima tating'ono timene chida chosemera chinasiya m'chitsulo timatha kuloza mfuti imodzi pakati pa zinzake. Calvin Goddard ndi anzake ku New York anakhazikitsa luso loyerekeza zipolopolo ziwiri pa maikulosikopu imodzi m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1929 analigwiritsa ntchito pofufuza kuphedwa kwa anthu 7 ku Chicago pa tsiku la Valentine. Mpope wa polygonal, pokhala wosalala, umasiya zizindikiro zovuta kuwerenga, moti m'zaka za m'ma 1990 apolisi a ku Miami, povutika kudziwa kuti chipolopolo chachokera mu mfuti ya wapolisi uti, anapempha a Glock kuti awapangire mipope yoikidwa zizindikiro dala. Luso limeneli lili ndi malire ake, ndipo mu 2016 alangizi a sayansi a pulezidenti wa America anachenjeza kuti pakufunika kafukufuku wina wotsimikiza kuti akatswiri amalakwitsa kangati. Koma likadali chida chachikulu cha ofufuza milandu, ndipo khoko lamkuwa lija nalonso limanyamula zidindo za msomali umene unalimenya ndi chitsulo chimene chinalizula.

Zimenezi zikutikhudza ngakhale ife amene sitidzagwirapo mfuti, m'dziko limene lamulo sililola munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo. Mbava zikawombera m'dera usiku, m'mawa mwake ana amathamangira kukatola makoko amkuwa aja kuti aziseweretsa, ndipo wamkulu wina amakolokosola chipolopolo pakhoma ndi mpeni kuti akaonetse anzake. Mpeniwo umafufuta zimene mpope unalemba. Musatole, musapukute, musakolokosole; tchingani malowo, letsani ana, itanani apolisi. Ndipo mukapeza mfuti yeniyeniyo itatayidwa m'munda kapena m'tchire, dziwani kuti mwina ili ndi chipolopolo m'kati ndipo musaikhudze n'komwe, pakuti mwamva nokha kuti ina imalira ndi kugwa kokha.